A Mwale ndi Makalata Odikira

Chatha chaka tsopano chiwaikire m'manda a Sitefano Mwale kwawo ku Mitundu, koma mafunso awo anatsala kuno ku Lilongwe. Sabata yatha, ndili m'minibasi yochokera ku City Centre, ndinangozindikira kuti ndikufotokozera munthu yemwe kulibe chifukwa chimene foni imatenthera ikamatchajidwa. Ndi mmene analili mafunso a mkulu ameneyu. Ankakumata ngati chisoso, n'kumakawaona utafika kale kunyumba.

Ndinawadziwira ku bungwe lina laling'ono la antchito apakhomo, alonda ndi osamalira maluwa. Ofesi yake ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya zomangira nyumba m'tauni, kufupi ndi msika wa Tsoka. Bungwelo limasunga mbiri ya membala aliyense: komwe anagwirapo ntchito, ndi makalata a umboni amene mabwana ake akale analemba. Munthu wakumayadi akafuna wantchito amatsegula tsamba la bungwelo pa foni, n'kuwerenga makalatawo asanamutsegulire munthu geti. Kwa mayi wochokera kumudzi amene alibe setifiketi ya sukulu, makalata amenewo ndiwo dzina lake lonse.

Pulogalamu yoyendetsa tsambalo anailemba okha a Mwale. Ku koleji sanapondeko. Anayamba ngati wokonza makina otayipira m'maofesi, ndipo makompyuta atabwera n'kuwalanda ntchito, iwo sanakwiye. Anangofuna kuona zomwe zili m'mimba mwa mdani wawoyo. Anagula mabuku akale kwa ogulitsa m'makonde a sitolo, n'kudziphunzitsa okha pang'onopang'ono. Zonse za bungwelo zinkakhala m'kompyuta imodzi yakale pansi pa tebulo lawo. Ife timati seva, kutanthauza kompyuta yosagona imene imayankha aliyense wotsegula tsamba. Iwo ankangoti mnzawo wa pansi pa tebulo.

M'mawa uliwonse asanavule jekete ankagwada, n'kutulutsa bulashi yopakira penti imene sinalawepo penti, n'kumupukuta fumbi mnzawoyo. Akatero ankatsamiritsa khutu pa chitsulo. Ankati makina amayamba kudandaula kukadali masiku asanafe, vuto n'loti anthu sakonda kugwada. M'thumba la shati simunkasowa kasikuludiraiva kofiira. Loweruka lililonse ankatsikira ku Tsoka kukagula zinthu zakufa: mawailesi, mafoni, mawotchi, tsiku lina mpaka makina oyezera magazi. Sankagula kuti akonze ayi, ankagula kuti atsegule. Akazi awo, a Nachisale, ankadandaula kuti anakwatiwa ndi munthu koma akugona pa dzala. Titapita kukawapepesa maliro atatha, anationetsa makatoni a zinthu zimenezo. Pa chilichonse panali kapepala komata, ndipo pa kapepalapo a Mwale analemba chimene chinachipha.

Panalinso chizolowezi china chimene poyamba sindinachilabadire. Pambali pa tebulo lawo panali mpando wachiwiri, wathabwa, woyang'anizana ndi wawo. Lachiwiri lililonse kunkabwera anthu, n'kukhala pa benchi ya pakhonde, ndipo ankalowa mmodzimmodzi kukakhala pa mpando umenewo. A Mwale ankatseka chitseko. Ine ndinkangoti ndi macheza a anthu achikulire, poti mkuluyu analinso mkulu wa mpingo.

Mkangano wosamutsa zinthu za bungwe kuzichotsa m'kompyuta yakale ija unayamba m'dzinja. Denga linadontha, madzi n'kutera pafupi ndi waya. Magetsi akathima tsamba linkathima nawo, ndipo mabwana akumayadi ankaimba foni kuti akufuna kuona makalata koma sakutseguka. Wapampando wa komiti, a Phiri, mlonda wopuma wopanda manyazi pakamwa, anawauza pamsonkhano kuti akukakamira chimakinacho ngati mkazi wachiwiri. A Mwale anayankha kuti mkazi wachiwiriyo wadyetsa bungwe zaka khumi ndi ziwiri popanda kupempha chitenje. Anthu anaseka, koma komiti inagamula kuti zinthu zisamuke, ndipo inaitana ine, poti za makompyuta ndiyo ntchito yanga. Kwa sabata yathunthu a Mwale ankamwera tiyi pa masitepe okha, osalankhula ndi a Phiri. Moni wanga ankayankha ndi chibwano.

Koma mkwiyo wawo sunkalimba pamaso pa chinthu chatsopano. Lolemba lotsatira anakoka mpando n'kukhala pambali panga, kabuku kali m'manja.

"A Nambewe, mwati tikusamukira kuti?"

"Ku klaudi, bambo. Ndi makompyuta ambirimbiri a kampani ina kunja. Ife tingochita lendi kamalo pamenepo."

"Kunja kwake kuti? Kunjatu n'kwakukulu."

Ndinatchula dziko. M'mawa mwake anabwera ndi buku la mapu la adzukulu awo, n'kuyeza ndi chala kuchokera ku Lilongwe.

"Ndiye munthu ali pa Area 47 apa, akadina pa foni, funso lake lidzawoloka nyanja yonseyi n'kubwereranso?"

"Inde, bambo. Musanaphethire."

"Nanga fumbi amapukuta ndani?"

"Kulibe fumbi kumeneko."

"Dziko lopanda fumbi," anatero, n'kulemba m'kabuku muja.

Anafunsa ngati makinawo amadziwa kuti akusunga zinthu za anthu a ku Malawi. Anafunsa amene amamva akayamba kudandaula. Anafunsa chomwe chingachitike kampaniyo itakangana ndi boma la kwawo. Ena mwa mafunsowo anali anzeru kuposa mayankho anga, ndipo zimenezo zinkandinyansa. Ndinene zoona: pofika sabata yachiwiri ndinali nditatopa nawo. Ndinkayankha mwachidule, maso ali pa kompyuta, n'kumadziuza kuti ine ndi amene ndinaphunzira zimenezi.

Kusamutsa pulogalamu, komwe anzanga kuofesi amati kudipuloya, kuli ngati kusamuka nyumba. Katundu wamkulu amakwera galimoto: pulogalamu, mayina, makalata. Koma makiyi suponya pagalimoto. Mawu achinsinsi ndi timalamulo ta mmene pulogalamu izigwirira ntchito timakhala m'kafayilo kapadera, ndipo kumalo atsopano umatilemba ndi manja kamodzikamodzi. M'kafayilo ka a Mwale munali mizere isanu ndi umodzi. Isanu ndinaimva bwinobwino. Wachisanu ndi chimodzi unkangoti DIKIRA = INDE. Ndinaganiza kuti ndi zotsalira za kale, pamene intaneti inkayenda ngati nkhono ndipo pulogalamu inkafunika kudikira. Mwini wake anali ataima kumbuyo kwangaku, mpweya wawo ukundifika pakhosi. Kunali kungotembenuka basi. Koma m'mawa umenewo anali atandifunsa kale mafunso osawerengeka, ndipo ndinaopa kuti ndikawafunsa limodzi andibwezera khumi. Ndinausiya mzerewo.

Linali Lachitatu, cha m'ma teni. Ndinadina, mizere n'kuyamba kuthamanga pa kompyuta, a Mwale akuyesa kuiwerenga mokweza koma ikuwathawa. Patapita mphindi zochepa ndinawauza kuti zatheka. Anatsegula tsamba pa foni yawo, linatseguka. Anagwada, n'kuthimitsa mnzawo uja ndi chala chawo. Chipinda chinati zii magetsi ali chiyakire, kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi ndi ziwiri. Anatsegulanso tsamba pa foni, linatsegukanso. Anaseka mpaka kutulutsa misozi, n'kutsika masitepe kukaitana a Phiri kuti adzaone. Tsiku limenelo anamwera tiyi limodzi.

Lachinayi masana kunabwera mayi wina, a Esinati, wochokera cha ku Nathenje, wantchito wapakhomo wa zaka zambiri. Sanakhale pa benchi. Analowa molunjika, n'kuima pamaso pa a Mwale, chitenje atachigwira ndi manja onse awiri.

"Bambo, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Khalani pansi, mayi. Kwagwanji?"

"Sindikhala. Munandiuza nokha kuti nkhani ya ndolo ija inatha. Lero ndinapita ku 47 kukaona chipinda, poti Lolemba ndimati ndiyambe. Madamu andibwezera pageti. Ati ndine wakuba, zalembedwa pa foni."

A Mwale anatsegula tsamba la a Esinati. Pansi pa makalata anayi owayamika panali kalata yachisanu, ya zaka zitatu zapitazo, yochokera kunyumba ina ku Area 14. Inkati mayiyu anaba ndolo zagolide. A Mwale ataiwerenga anatembenukira kwa ine.

"A Nambewe, mizere ija inali ingati?"

"Isanu ndi umodzi, bambo."

"Mwalemba ingati?"

"Isanu."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangovula magalasi n'kundifotokozera zimene ndikanazimva dzulo lake ndikanafunsa. Kalata iliyonse yoneneza munthu sinkaoneka pa tsamba nthawi yomweyo. Inkayamba yadikira, mpaka wonenezedwayo atabwera Lachiwiri, n'kukhala pa mpando wathabwa uja, n'kunena mbali yake. Nkhani ikakhala yoona, a Mwale ankaitulutsa kalatayo, ngakhale munthu alire bwanji. Ikakhala yabodza kapena yosamveka, inkakhala yobisika mpaka kalekale. Sankafufuta, poti ankati kalata ndi ya amene anailemba. Chimene chinkatsekera makalata onsewo ndi mzere umene ndinausiya uja. Popanda mzerewo, pulogalamu inangokhuthula zonse poyera.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Safunsa anadya phula, koma apa phula langa ankadya ndi munthu wina.

"Musadzigwetse nokha," anatero a Mwale. "Inenso ndalakwa. Ndinaulemba kalekale mzere umenewo, mpaka ndinaiwala kuti ndi mzere. Ndinkangoyesa ndi khalidwe lake la makinawa."

Kukonza kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa tiyi. Ndinalemba mzerewo, pulogalamu inadzithimitsa n'kudzukanso yokha, makalata n'kubisika. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo mkuluyu sanapirire. Anafunsa monong'ona kuti yadzuka bwanji popanda woidzutsa, kenako anadzigwira pakamwa poona a Esinati. Ndinawaonetsanso kuti makina akutaliwo amalemba tsamba lililonse limene latsegulidwa ndi nthawi yake. Tinawerenga limodzi mndandandawo. Pa tsiku limodzi ndi theka, makalata atatu obisika anali atawerengedwa. Awiri, titaimba mafoni, tinapeza kuti anawatsegula ndi eni ake, mamembala ofuna kuona tsamba latsopano, ndipo anatikalipira mokwanira. Yachitatu inali ya a Esinati.

Ine ndinati tilembe uthenga wopepesa kwa madamu a ku 47. A Mwale anapukusa mutu.

"Dzina la munthu silibwezedwa pa foni. Khola mwatsegula ndinu, ine ndinaiwala kukuuzani kuti muli mbuzi. Mawa tikakusa limodzi."

Lachisanu m'mawa tinanyamuka atatu. Tinayambira ku Area 14, kunyumba kumene kalata ija inachokera. Kuchokera pomwe minibasi inatisiya tinayenda ndithu, m'misewu ya mipanda yaitali momwe sukumana ndi munthu koma agalu okuwa kuseri kwa njerwa. A Mwale anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, bondo likuwavuta, koma anaima kawiri kusuzumira mmene mageti otseguka okha amayendera. Mlonda wa panyumbapo anawazindikira, n'kutilowetsa mpaka pakhonde la kukhitchini. Madamu anatuluka makiyi a galimoto ali kumanja.

"Ii, nkhani yakalekale imeneyo? Ndolo zija zinapezeka. Zinali m'kathumba ka m'kati mwa chikwama changa."

"Munatiuzadi pa foni nthawi ija, madamu," anatero a Mwale. "Koma pakamwa munanena china, papepala patsala china. Tabwera kuti dzanja limene linalemba kalata yoyamba lilembenso yachiwiri."

"Ndili pa changu, bambo. Ndidzatumiza."

"Palibe vuto. Tidikira."

Anakhala pa sitepe, n'kutambasula mwendo wovutawo, n'kuyamba kufunsa mlonda uja za pampu ya madzi. Madamu anawayang'ana, anayang'ana wotchi, kenako analowa m'nyumba n'kubwera ndi pepala. Analemba ataimirira, atatsamiritsa pepalalo pa khoma. Popereka sanawayang'ane kumaso a Esinati, anangoti sole.

Ku Area 47 tinafika dzuwa lili paliwombo. Madamu akumeneko anali munthu waulemu. Anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kutibweretsera madzi. Anawerenga kalata yatsopanoyo kawiri. Ine ndinafotokoza kulakwa kwanga. A Mwale anatulutsa makalata anayi oyamika aja, n'kunena kuti pa anthu onse amene anakhalapo pa mpando wawo wathabwa, mayi awa angawasiyire makiyi a nyumba yawo.

"Ndamva, bambo, ndipo ndikukukhulupirirani," anatero madamuwo. "Koma ndikuuzeni chilungamo. Tsiku lina m'nyumba muno mudzasowa kanthu, ngakhale sipuni. Mtima wanga udzathamangira kwa mayiwa ndisanaganize n'komwe. Ndidzawalakwira. Kuli bwino ndisawatenge."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona a Mwale atasowa chofunsa.

Pobwerera, tikudikira minibasi pa siteji, a Esinati anandiyang'ana koyamba chiyambire dzulo lake.

"Ndiye munatsegula ndinu, achemwali?"

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri."

"Ndinali nditawauza kale ana kuti Lolemba ndiyamba," anatero, n'kuyang'ana kumsewu.

Miyezi inayi a Esinati anagulitsa tomato pafupi ndi mlatho wa ku Tsoka. Ine ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pamenepo. A Mwale atazindikira, anayamba kundipempha kuti ndiziwaperekeza kumsika, ati bondo. Tinkatulukira pa tomato pomwepo nthawi zonse, ndipo ankandisiya nditaima pamenepo iwo akusankha mawailesi akufa. Ndi mmene ndinaphunzirira kupereka moni kwa munthu amene ndinamulakwira. Mwezi wachisanu a Mwale anawapezera a Esinati nyumba ina ku Area 14 komweko, ndipo ali komweko mpaka lero.

Kuofesi nkhani sinathere pamenepo. A Mwale anandikhazika pansi kuti pa mzere uliwonse wa m'kafayilo kaja tilembe m'Chichewa ntchito yake, ndi munthu amene angapweteke ukasowa. Kenako anafunsa funso limene ine wophunzira ndinayenera kuliganiza kalekale: ngati n'kotheka kuti mzere wa DIKIRA ukasowa, pulogalamu izingokana kudzuka. Ankati bola chitseko chokanika kutseguka kusiyana ndi chotseguka chokha. Tinakonza choncho. Chaka chisanathe anali ataphunzira kudipuloya okha, chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Mizere ikayamba kuthamanga ankaiwerengabe mokweza. Ankadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti makina akutaliwo alibe poika khutu.

Anadwala masabata atatu basi. Ndikukawaona kuchipatala ndinapeza akufunsa namwino mmene kachipangizo ka pa chala kamadziwira mpweya wa m'magazi. Namwinoyo anandiuza kuti ndiwatenge agogo anga, amutopetsa.

Atamwalira, ena m'komiti anati zodikirazi zithe, palibe amene ali ndi nthawi yomvetsera milandu. A Phiri, omwe aja a mkazi wachiwiri, anamenya tebulo n'kunena kuti achotsa mzerewo iwo atafa. Koma womvetsera anasowadi, ndipo makalata anaunjikana miyezi iwiri, eni ake osadziwa ngati atuluka kapena ayi. Ndiye Lachiwiri lina kunabwera a Esinati. Anati apempha madamu awo kuti tsiku lawo lopuma lizikhala Lachiwiri, kuti azidzamvetsera milanduyo.

Ndinapitako dzana, poti linali Lachiwiri. Masitepe ndi omwe aja, fungo la simenti lochokera m'sitolo ya pansi ndi lomwe lija. Pansi pa tebulo pali malo oyera a makona anayi pomwe pankakhala mnzawo uja, ndipo pambali pake bulashi ikadapachikidwa pa msomali. Mpando wa a Mwale uli pomwe anausiya, khushoni yake yophwatalala mbali ya mwendo wovuta uja. Pa benchi ya pakhonde panali anthu atatu: mlonda wina wachikulire ndi amayi awiri.

A Esinati sakhala pa mpando wa a Mwale. A Phiri anawachonderera kangapo, anakana. Amakhala pa wathabwa uja, umene anakhalapo zaka zapitazo akulira za ndolo, ndipo wobwerayo amamuikira sitolu pambali pawo. Ndikutsika, ndinamva akuitana mlonda uja kuti alowe. Chitseko chisanatsekedwe ndinawaona awiriwo atakhala mbali imodzi ya tebulo, onse atayang'ana mpando wopanda munthuwo.

"Yambirani poyambirira, bambo," anatero a Esinati. "Musafulumire. Kalata yanu ikudikira."